Msewu Wonse Buluu

"Nyama theka la kilo," anatero mayi wina, akuika dengu lake pa makina osokera.

Telala anadzutsa mutu. "Mayi, muno timasoka zovala. Kubutchala ndi khomo lachitatu."

"Ndachokera komweko, amafuna kundimeta!"

Ameneyu anali munthu wachisanu kusochera m'mawa umenewo, ndipo telala mtima unali m'mwamba. Iyeyo ndiye anali mlembi wa bungwe la amalonda, ndipo nzeru yopaka mashopu onse penti wabuluu kuti tauni ioneke yamakono inali yake. Zikwangwani zakale anazula, zatsopano zisanafike. Anthu amene anakula akudziwa kuti mankhwala ndi pachitseko chobiriwira, buledi pachofiira, tsopano ankangozungulira mumsewu, kusuzumira khomo lililonse.

Posakhalitsa analowa alamu ake, wapampando wa bungwelo, thukuta lili kamukamu. Telala anati mumtima mwake basi, ulembi watha lero.

"Alamu, mwagwira ntchito!" anafuula wapampando, akumugwedeza dzanja. "Chibadwire sindinaone msewu utadzaza chonchi. Mulembe m'kalata ya bungwe mwezi uno kuti anthu oyenda m'tauni achuluka katatu."

"Komatu sakugula, alamu."

"Zogulazo tidzakambirana kumsonkhano. Inu lembani. Ine ndithamange, makasitomala akundidikira."

Wapampando anatuluka monyadira. Atafika pakhonde anaima, nayang'ana kumanja, nayang'ana kumanzere. Kenako anabwerera pang'onopang'ono.

"Alamu," ananong'ona, "shopu yanga ija ili mbali iti?"