Woyamba pa Mzere wa Odwala

Hilário ndiye anali woyamba pa mzere. Anafika pa kachipatala ka kuseri kwa Domwe mame asanakamuke, n'kukhala pakhonde pafupi ndi chitseko, atadzifunditsa bulangete mpaka kumaso monga amachitira aliyense nyengo yachisanu. Tsopano dzuwa linali litakwera, ogulitsa kachewere atayala kale kumsewu, koma chitseko chili chitsekere.

Dzulo masana kamtsikana ka zaka zitatu kanatsirizika m'manja mwake, kuseri kwa chitseko chomwechi. Ambulansiya anaiyitana katatu, koma inalibe mafuta. Enfermeru, namwino wa pachipatalapo, anabaya pamkono, anabaya paphazi, mtsempha osaupeza, mpaka kamwanako kanasiya kulira. Chichitikireni zimenezo Hilário anali asanalawe kanthu, ndipo kunyumba mkazi wake anangomuona msana.

Mumtima anali atamuweruza kale enfermeruyo: munthu wotha ntchito, wa manja olemera, woyenera kulongedza katundu n'kupita kwawo kukalima nyemba.

Koma mzere sunkaganiza choncho. Anthu oposa makumi anayi anali atadzaza khonde ndi bwalo, ena akutsokomola, ena akuyamwitsa, onse maso kunjira.

"Amene uja ndi chitsulo," anatero a Gervásio, mkulu wina wa mwendo wotupa. "Zaka zisanu ndi chimodzi ali yekhayekha pano. Kubaya yemweyo, kusoka mabala yemweyo, amayi apakati yemweyo. Simudzamuona atakwinya nkhope."

"Nanga lero ali kuti?" anafunsa mayi wina.

"Abwera. Satopa amene uja."

Hilário anafuna kuseka. Anthu amamukonda munthu wosatopa, poti wosatopa safunsidwa ngati wagona bwino.

Apo ndi pamene njinga inatulukira, ikuphwanya miyala. Mayi wina, Benvinda, analumpha isanaime, mwana ali kumsana. Atamutsitsa, anthu anafutuka. Kamnyamatako kanali kataumitsa manja, maso atatembenuka, thovu kukamwa. Benvinda anamenya chitseko ndi zikhatho zonse ziwiri, anamenya ndi chigongono, anafuula mpaka mawu anasasa. M'katimo munali zii. Chipatala china chinali kutali ku Ulongwe, ndipo aliyense pakhondepo ankadziwa kuti mwanayo sakafika.

Kenako mayiyo anagwada pamaso pa Hilário.

"Abambo, oyamba ndinu. Akabwera mundilole ndilowe ine, chonde. Ndi yekhayu amene wanditsalira."

Hilário anamuyang'ana mwanayo. Msinkhu womwewo, timikono tomweto topanda mtsempha wooneka. Mantha anamugwira, mantha enieni, oti anayamba kuganiza zothawa. Kuseri kwa chimbudzi kunali kanjira kolowa m'munda wa chimanga chouma. Akanatha kunyamuka mwakachetechete, osaonanso kachiwiri zimene anaona dzulo.

"Nanga akalephera?" anafunsa ndi mawu apansipansi, pakamwa pali m'bulangete.

"Ndani?"

"Enfermeruyo. Dzulo mwana wamufera muno. Ndinalipo. Munthu uja watha, mayi, alibenso kanthu m'kati."

"Inu abambo, musalankhule choncho pa mwana!" anakalipa a Gervásio.

Koma Benvinda sanakwiye. Anangopukuta thovu pakamwa pa mwana ndi nsonga ya chitenje, misozi ikugwera pamphumi pa kamnyamatako.

"Alephere atayesa," anatero. "Kaya watha, kaya sanathe, ine wina ndimutenga kuti?"

Mwanayo anadzidzimukanso, msana n'kupindika. Amayi awiri anayamba kupemphera mokweza. Wina anati athamangire kunyumba kwa enfermeru, wina n'kuyankha kuti apitako kale, mkazi wake akuti anachoka m'mamawa.

Hilário anapuma kawiri, katatu. Anaimirira, bulangete n'kugwera pansi, ndipo khonde lonse linaona nkhope ya enfermeru wawo.

Anatulutsa makiyi m'thumba, natsegula chitseko.

"Lowani naye, mayi. Mumugoneke chammbali, ndisambe m'manja."