Mawu Otsala Kumbuyo kwa Pijo

Yesaya atangotsegula chitseko cha galimoto pachipatala cha ku Karoi, m'pamene anamva kulira kwa mkazi wake Primrose kumbuyo.

Galimotoyo inali Pijo yakalekale ya bwana wa papulazi, yonyamulira katundu. Yesaya yemweyo ndiye anaimata mphira ndi thonje lokhuthala m'zitseko, pansi ndi kuseri kwa mpando, mpaka bwana ananyadira kuti mkatimo tsopano muli zii ngati m'tchalitchi.

Yesaya anathamangira kumbuyo. Bambo ake, amene ankawabweretsa kuchipatalako, anali gone pamasaka a fodya, mutu uli pamiyendo ya mpongozi wawo, maso ali tong'o.

"Ndakuwa, bambo a Tawina," anatero Primrose, mawu atasasa. "Kuyambira pamlatho paja ndakhala ndikukuwa. Manja onse anali pa iwowa, ndikanagogoda ndi chiyani?"

"Ine sindinamve kanthu."

"Amati muimitse galimoto. Amati ali ndi mawu oti akuuzeni."

Yesaya anagwira phazi la bambo ake. Linali lisanazizire.

"Mawu otani?"

Primrose anapukusa mutu. "Ndinawachonderera kuti andiuze ine. Anakana, amvekere amenewo ndi a mwana wawo yekha."