Mizere Iwiri ya Choko

A Rafael anapinda manja a shati yawo ya kutchalitchi n'kuweramira thanki yaing'ono. Makorali atatu anali phee pansi pa madzi, atatambasula timanja tawo. Alendo a pa loji ya m'tsinde mwa phiri la Mulanje ija ankawayesa maluwa, chonsecho ndi zamoyo za m'nyanja ya mchere, ndipo zimadwala monga munthu.

Lamulo la makorali a Rafael ankalidziwa kuposa pemphero la Atate Wathu. Korali wongogulidwa kumene salowa m'thanki yaikulu. Amayamba wakhala payekha masabata asanu ndi limodzi, kuti ngati wabwera ndi tizilombo asapatsire anzake. Zaka khumi ndi ziwiri akusamala mathanki agalasi a pa lojipo sanaphonyepo, ndipo ukawaputa pa nkhaniyi tiyi wako ankazizira.

Pakhoma panali mizere iwiri ya timitanda ta choko, kamtanda kamodzi tsiku limodzi. Wautali unali wa makorali, amene anabwera pa lole kudzera pa chipata cha Muloza. Waufupi unali wa Marcia.

Marcia, mwana wawo yekhayo, anafika pa basi ya anthu obwerera kuchokera ku Joni m'nyengo ya korona, patatha zaka zisanu ndi chimodzi asanaponde kwawo. Anali atawonda, akutsokomola. Mtima wa bambo unathamangira kwa mwana, koma manja a Rafael anawapinda kumbuyo. A zaumoyo atamutenga zokayeza, a Rafael anamutsekulira kachipinda ka kuseri kwa loji kuti akhalemo payekha. Ngakhale chikwama chake sanachikhudze.

Tsiku lachitatu Marcia anatulutsa mkono pawindo.

"Ababa, ndigwireni dzanja chabe."

"Masiku khumi ndi anayi si chaka, mwanawe," anatero a Rafael ali chapatali. "Taona, ndawerenga. Iwe ndi makorali mutuluka tsiku limodzi. Udzawaika m'thanki yaikulu ndi dzanja lakolo."

Marcia anaseka pang'ono n'kubweza mkono.

Mbale zinkabwerera chakudya chili momwemo. A Rafael ankangopukusa mutu, ati Joni inamuzoloweza zonona. Kumva chifuwa chija kuseri kwa chitseko kunkawapweteka kwambiri, komabe ankapita kukhoma, kulemba timitanda tawo tiwiri, n'kudzilimbitsa mtima kuti chikondi chenicheni n'chimenechi.

Ndiye lero linali tsiku lija.

Anatenga galasi lokulitsira zinthu n'kuunika korali aliyense, pamwamba ndi pansi pomwe. Panalibe kachilombo, panalibe dzira, panalibe banga. Anadikira pang'ono, maso ali kukhomo la kachipinda. Kenaka ananyamula woyamba n'kumukhazika pamwala m'thanki yaikulu. Tinsomba tachikasu tinabwera kudzamuzungulira mlendoyo. Anaika wachiwiri, anaika wachitatu.

Anatola choko n'kutseka mzere wautali. Pa mzere waufupi dzanja linakana. Timitanda ta pamenepo tinathera pa khumi ndi kamodzi.

Uthenga wa a zaumoyo unawapeza dzulo akuchokera kumanda kokaika mwana wawo: Marcia analibe korona. M'chikwama chija munali kalata ya chipatala cha ku Joni, yonena kuti khansa inali itafalikira thupi lonse, ndipo madokotala anamuuza kuti apite kwawo, masiku otsalawo akakhale m'manja mwa abale ake.