Ngalande ya ba Lonah

"Manzi yonse ya mvula yazapita kuja, tione ngati loji izagula matope," anatero ba Lonah kwa mng'ono wawo Inutu, khasu likugwa pansi mwaukali pokumba ngalande.

Kuja ankanenako kunali kumunsi, kudimba la ba Khayad, mayi wa Chibontoki wochokera ku Bontoc, kumapiri a ku Filipini, amene anabwera ku Dambwa ndi mwamuna wake wochotsa mano. Mlandu wake mumve: loji yogona alendo ya ku Nakatindi, yomwe kalekale inkagula repu kwa ba Lonah, inali itayamba kugula kwa mlendoyu. Ndiye mayiyu anthu ankamuseka, poti tsiku lililonse ankangosanja miyala m'dimba mwake ngati masitepe.

Mvula ya 1994 inagwa yamphamvu, kenako inangosowa. Madzi anathamanga m'ngalande muja, koma atafika pa miyala ija anakhala phee, sitepe iyi ikadzaza n'kutsikira inayo. Kumtunda, repu wa ba Lonah anapsa ndi dzuwa mpaka mbuzi zinkangodutsa osayang'anako.

Loweruka lina ba Khayad anatulukira pakhomo atanyamula dengu la repu ndi matimati.

"Zikomo maningi, ba Lonah," anatero m'Chinyanja chawo chopindika. "Kwathu ku Bontoc abale amamenyana chifukwa cha ngalande. Imwe mwanikumbira mahala, osalipira."

Inutu anathawira kuseri kwa nyumba atagwira pakamwa kubisa kuseka. Ba Lonah analandira dengulo ndi manja awiri. M'nyumba munalibe ndiwo.