Telala ndi mnzake wa pa tabuleti

Panali bambo ena achikulire, telala wopuma ntchito, amene ankakhala okha chimwalirireni akazi awo. Mwana wawo wamkazi anali namwino kutali. Atabwera kudzawaona anawasiyira tabuleti, n'kuwaphunzitsa kuimba foni moonana nkhope.

"Kobiriwiraka n'koyankhira, kofiiraka n'kodulira," anatero. "Koma ababa, nambala yachilendo musamayankhe."

M'mawa uliwonse bambowo ankaipukuta n'kuitsamiritsa kuchitini cha mabatani patebulo. Inkangokhala duu. Akaimba okha, mwanayo ankayankha akuthamanga m'khonde la chipatala.

"Ndili ndi odwala ababa, ndikuimbirani."

Sabata inkatha osaimba.

Tsiku lina masana tabuleti ija inalira. Nambala inali yachilendo, koma chala chinafika kale pa kobiriwira. Panaoneka mwamuna womwetulira.

"Pepani akuluakulu, ndalakwitsa nambala. Komabe, mwaswera bwanji kumeneko?"

Anacheza mpaka tiyi anazizira. Mawa lake anaimbanso, mkuja chimodzimodzi. Ankafunsa za mawondo awo, ankafunsa ngati adya. Bambowo akamukambira za makasitomala amene mimba ikakula ankanena kuti telala wachepetsa thalauza, iye ankaseka mpaka kupukuta misozi. Posakhalitsa anayamba kuwatchula malume.

"Malume, tandionetsani nyumba yanu, ndizikudziwani bwino."

Bambowo ananyamula tabuleti n'kuyenda nayo chipinda ndi chipinda. Anamuonetsa wailesi, nsalu za malemu zopindidwa bwino m'sutikesi, ndi makina osokera awiri, awo ndi a malemuwo.

"Nanga Lachinayi mukamapita kukayezetsa shuga, kiyi simungamutaye m'basi?"

"Ayi mphwanga, ndimamusiya pansi pa mphika wa maluwa pakhomopa."

Lachinayi pochokera kuchipatala anapeza chitseko chili pululu. Makina onse awiri kunalibe. Wailesi, sutikesi, ndi tabuleti yomwe, zonse zinapita. Anangokhala pansi pasimenti, chipewa chili m'manja, mpaka mayi woyandikana nawo nyumba anawaona n'kuimbira mwana wawo namwino uja.

Mwanayo anafika mawa lake mtima uli m'mwamba.

"Ababa, sindinanene ine? Munthu wosamudziwa mpaka kumuuza pokhala kiyi?"

Bambowo anayang'ana pamene pankakhala makina a akazi awo.

"Unanena, mwana wanga. Nanenso mtima unkandiuza kuti kukoma koteroko n'kokayikitsa. Koma iye uja ankaimba."

Namwinoyo anaika chikwama pansi, n'kukhala pambali pa bambo ake, misozi ili chuchuchu.

Phunziro: Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Munthu wongomudziwira pafoni musamuonetse nyumba yanu kapena kumuuza mayendedwe anu. Nanunso ana, kugulira kholo tabuleti si kucheza nalo ayi. Mukapanda kuimba inu, aimba ndi wakuba. Tumizirani ena uthengawu, koma yambani mwaimbira makolo anu.