Tanthauzo la Nyumba

Pulogalamu ya pakompyuta yogawa madzi inapatsa banja la alamu ake a Namasamu migolo isanu ndi iwiri, mabanja ena onse umodzi umodzi. Lamulo linali mgolo umodzi pa nyumba iliyonse. Namasamu, monga ankamutchulira muofesimo, anawerengeranso katatu, koma masamu a pulogalamuyo analibe banga.

Pulogalamuyo inkasankha yokha zochita, koma mawu inkawamva kudzera pa mndandanda wa matanthauzo umene ankalemba alamu akewo pa desiki yoyandikana ndi yake.

Namasamu anautsegula. Tanthauzo la nyumba linali litasinthidwa Lachiwiri: chilichonse chokhala ndi denga ndi chitseko.

Anacheuka. Alamuwo ankapukuta magalasi awo a m'maso oyera kale.

"Alamu," anatero motsitsa mawu, "makola a nkhumba aja munamanga angati?"

"Asanu ndi limodzi. Bwanji kodi?"

"Onse munaika zitseko?"

Alamuwo anauzira mpweya pa magalasi aja, n'kuyambanso kupukuta.