Galimoto ya Apongozi Ikukana Magiya

"Imvani! Yayambanso!" anakalipa apongozi, galimoto itadumpha pakati pa msewu, lole ikuwaimbira hutala kumbuyo.

Makaniko, yemwe anali mkamwini wawo, anali atakhala pambali pawo. Aka kanali kachitatu kuikonza galimoto yakaleyi, yosintha yokha magiya. Mafuta a m'giyabokosi anasintha, sefa anaika yatsopano. Akamayendetsa iye inkangoti myaa, koma akaigwira madalawa, omwe anakalambira pachiwongolero cha malole, inkanjanja ngati bulu.

"Mwana wanga anandiuza kuti wakwatiwa ndi makaniko," anatero apongozi. "Kapena ndinamva molakwa?"

Mkamwini anazolika ndi manyazi, ndipo pomwepo anaona chomwe chinkachitika kumapazi. Injini ikangokweza mawu, phazi lamanzere la apongozi linkanyamuka lokha kufunafuna kilatchi, n'kukagunda buleki.

Munthu woti wayendetsa malole zaka makumi anayi, ungamuuze bwanji kuti vuto ndi mwendo wake?

"Bambo, ndaliona vuto. Mundipatse ola limodzi."

Kugalaja anazula chopondera cha kilatchi m'chigalimoto chakufa, n'kuchimangirira ndi sipuling'i kumanzere kwa buleki. Sanachilumikize ku chilichonse.

Anabwerera pamsewu womwe uja, apongozi ali pachiwongolero. Injini inakweza mawu. Phazi lija linanyamuka, linaponda chopondera chabodzacho, giya n'kulowa yokha bwinobwino.

Apongozi anayendetsa kamtunda ndithu. Kenako anatsokomola.

"Mwaonatu? Opanga galimotoyi anaiwala kuika kilatchi. Ndiye inuyo, makaniko wathunthu, mpaka maulendo atatu kuti muzindikire?"